Ndinapita ndi usipa, ndikubwerako ndi shoyu

Lachiwiri, Kashiwa

Ndafika anzanga. Miyendo yatupa ngati mikate, ndipo foni yangodumpha maola 7 yokha osandifunsa. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka kutera pa Narita, ku Japan, munthu umaiwala kuti lero ndi lachingati.

Mng'ono wanga anadzandichingamira. Zaka zinayi osaonana, koma moni asanathe n'komwe anali atafunsa kale: "Achimwene, usipa uja mwabwera nawo?" Ndabwera nawo, makilo awiri, wa ku Nkhotakota, wokulunga m'manyuzipepala kenako m'chitenje cha mayi. Pabwalo la ndege kuno nyama salola ngakhale kachidutswa, koma nsomba youma anangoyiyang'ana n'kundibwezera.

Akukhala ku Kashiwa, m'chigawo cha Chiba, kanyumba kakang'ono koti mukatambasula manja mukhudza makoma onse. Chimene chandidabwitsa ndi kukhitchini. Pashelefu pali mabotolo anayi a madzi akuda, aja timawaona m'mashopu a Machaina ku Area 3 olembedwa soy sauce. Kuno amati shoyu. Ndinafunsa mlamu wanga kuti bwanji kuwononga ndalama kugula chinthu chimodzimodzi kanayi. Anaseka mpaka kugwira khoma. Mng'ono wanga anandiyankha m'malo mwake: "Inu mungalole munthu akuuzeni kuti mgaiwa, ufa woyera ndi gramilu ndi chinthu chimodzi?"

Ndakhala zaka 12 ndikugula soya kwa alimi a ku Mchinji ndi Kasungu. Ndimadziwa mtengo wake, chinyezi chake, ndi mmene mavenda amabera pasikelo. Sindinaganizepo kuti nyemba zomwezi zingandichititse manyazi m'khitchini mwa mlamu.

Lachitatu, Kashiwa

Tulo tinandithawa 3 koloko m'bandakucha. Ndinapeza mayi ake a mlamu wanga, amene abwera kuchokera ku Nagasaki kudzaona zidzukulu, ali kale pamoto. Chinenero sitimvana, ndiye ndinangokhala pampando n'kumapenya.

Anatenga chinthu chouma, chakuda mobiriwira, chokhala ngati chikopa chakale, n'kuchiviika m'madzi ozizira mumphika. Ndi kombu, mtundu wa ndere za m'nyanja yamchere, zambiri zimachokera ku Hokkaido, kumpoto. Anayatsa moto wochepa, ndipo madzi atangoyamba kuchita timathovu m'mbali, asanabwadamuke, anavuula kombu ija. Kenako anaponyamo dzanja lodzaza la zinthu zopyapyala ngati zopala za kalipentala. Imeneyo ndi katsuobushi, nsomba yofutsa ndi utsi mpaka kuuma gwa ngati mtengo, yomwe amachita kupala. Mphindi imodzi kapena ziwiri, anasefa. Basi. Madzi oyera mbuu, ofiirira pang'ono ngati tiyi wa munthu woumira. Dzina lake dashi.

Anandithirira m'kambale. Ndinamwa mwaulemu chabe, ndikudziwa kuti ndikumwa madzi otentha. Koma ayi. Mulibe mchere woti n'kunena, mulibe shuga, sizikuwawa, sizikuwawasa, komabe m'kamwa monse munadzaza, malovu n'kuyamba kutuluka, ndipo kukomako kunakhalitsa kukhosi ine nditameza kalekale. Mayi aja anandiyang'ana n'kunena mawu amodzi: "Umami."

Mng'ono wanga atadzuka anandimasulira. Umai ndi kukoma, mi ndi kakomedwe. Anapeka dzinali ndi Kikunae Ikeda, katswiri wa kemisitiri pa Tokyo Imperial University. Mkuluyu anaphunzirako ku Leipzig, ku Germany, ndipo ankaona kuti mu tomato, mu tchizi ndi mu nyama muli kakomedwe kena kofanana ndi ka msuzi wa kombu wa kwawo, komwe sikalowa m'magulu anayi amene azungu ankawerenga. Mu 1908 anatulutsa mu kombu chinthu chomwe chimabweretsa kakomedweko, glutamate. Chaka chotsatira, 1909, iye ndi wamalonda Saburosuke Suzuki anayamba kugulitsa ufa wake pa dzina loti Ajinomoto. Mu 1913 wophunzira wake, Shintaro Kodama, anapeza kuti mu katsuobushi muli china, inosinate. Mu 1957 Akira Kuninaka anapeza chachitatu, guanylate, chomwe chimachuluka mu bowa wouma wa shiitake, ndipo ndi yemweyu anazindikira kuti glutamate ikakumana ndi chimodzi mwa ziwirizi kukoma sikungophatikizana, kumachulukana kangapo. Asayansi akunja anakayika kwa zaka zambiri, mpaka mu 2002 pomwe ofufuza ku America anasonyeza kuti palilime palidi tizigawo tomwe ntchito yake ndi kumva kakomedweka.

Ine pamenepo maganizo anali atapita kale kumudzi. Tomato ali ndi glutamate. Nsomba youma ili ndi inosinate. Ndiye usipa wothira tomato, umene mayi akhala akutiphikira chibadwire, ndi masamu omwewo a Kuninaka, kungoti mayi sanalembe pepala.

Ndinathamangira kuchikwama n'kutulutsa usipa uja. Mayi a mlamu anatenga kamodzi, kukanunkhiza, kukathyola mutu, n'kutsegula kabati kutulutsa paketi yawo. Tinsomba touma, tasiliva, utali wa chala. Niboshi. Titaziika pamodzi patebulo, mdzukulu wawo wazaka zisanu analephera kusiyanitsa.

Chikundisautsa ndi ichi: kodi Chichewa chili ndi dzina la kakomedwe kameneka? Tili ndi kutsekemera, kuwawa, kuwawasa, ndi kukolera kwa mchere. Tili ndi mawu onena kusowa kwake, tikamati msuzi ndi wosukuluka. Tilinso ndi mawu a njala yake, nkhuli, ija imakugwira ukadya masamba sabata yathunthu ngakhale mimba ili yokhuta. Koma chinthucho pachokha timangoti kukoma. Ndiye nawonso a Japan anangoti kukoma, n'kupachikapo kamchira.

Lachinayi, Noda

Sitima ya Tobu kuchokera ku Kashiwa, mphindi zosakwana 30, kutsikira pa Nodashi. Chitseko chitangotseguka fungo linatilandira: ngati penapake akukazinga chimanga pafupi ndi pomwe akuphika mowa wamasese. Tauni yonse imanunkhira choncho. Kuno ndi kwawo kwa Kikkoman, kampani yomwe inapangidwa mu 1917 pamene mabanja a Mogi ndi Takanashi anaphatikiza mafakitale awo. Noda inakula chifukwa cha mitsinje. Soya ndi tirigu zinkachokera m'minda ya chigwa cha Kanto, ndipo migolo ya shoyu inkatsetsereka pa mtsinje wa Edo kukafika mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo.

Pafakitale pali malo oonetsa alendo. Kapangidwe kake ndi kotere. Soya amamuphika ndi nthunzi. Tirigu amamukazinga n'kumuphwanya. Amasakaniza ziwirizi pafupifupi mulingo wofanana, n'kuwazamo mbewu ya chuku chotchedwa koji. Inde, chuku. Ine ntchito yanga yonse ndi kulimbana ndi chuku m'matumba a alimi, ndiye kuona anthu atavala zoyera akuchisamala ngati khanda m'chikuta kunandizunguza mutu. Patatha masiku atatu zonse zimachita ubweya wobiriwira mwachikasu. Amathira m'madzi amchere, phala lake n'kumatchedwa moromi, ndipo amalivundika miyezi 6 kapena kuposerapo. Chuku chija chimaphwanya mapuloteni a soya n'kumasula glutamate, pomwe tirigu amapereka fungo ndi kutsekemera pang'ono. Pomaliza amakulunga phalalo m'nsalu zosanjikiza n'kufinya pang'onopang'ono.

Pabwalo lomwelo pali kanyumba kotchedwa Goyogura, komwe amapangira shoyu wa kunyumba ya mfumu ya Japan m'migolo yamatabwa. Ndinafunsa mng'ono wanga ngati mfumu imasiyanitsadi. Anati ndisayankhule mokweza.

Kabotolo kagalasi ka chivindikiro chofiira, kaja mumakaona m'malesitilanti a Chitchaina ngakhale ku Johannesburg, anakajambula ndi Kenji Ekuan mu 1961. Luso lake lili pamlomo: ukathira sikadontheza patebulo. Ndayesa katatu, dontho limabwerera mkati.

Mtundu wa kuno ndi koikuchi, wakuda, ndipo mwa mabotolo 10 alionse opangidwa m'dziko muno, 8 ndi amenewa. Boma limazindikira mitundu isanu: koikuchi, usukuchi, tamari, saishikomi ndi shiro. Mlamu ali ndi mabotolo anayi, ndipo akuti akudzimva wosauka.

Lachisanu, Tokyo

Masana anandipititsa kodyera sushi. Nsomba yaiwisi ndinadya, musandifunse zambiri. Chimene ndinagwira ndi chakuti wophika sananene shoyu ngakhale kamodzi. M'nyumba za sushi amati murasaki, mawu otanthauza mtundu wa pepo. Ndinaviika mpunga wonse m'kambale, mpunga n'kumwazika, mlamu n'kundinong'oneza kuti choviika ndi nsomba yokha, pang'ono, kumphepete.

Madzulo kunali kosangalatsa koposa. Anzake a mng'ono wanga, ophunzira ochokera m'mayiko osiyanasiyana, amakumana Lachisanu lililonse, aliyense ndi mphika wake. Nditangotchula za mabotolo a mlamu, mkangano unabuka ngati wa Bullets ndi Noma.

Mtsikana wa ku Beijing anati dzina lenileni ndi jiangyou, ndipo zilembo ziwiri zomwe a Japan amawerenga kuti shoyu ndi zomwezo za kwawo, anangobwereka n'kupotoza lilime. Kwawo amasiyanitsa shengchou, wopepuka wothirira mchere, ndi laochou, wakuda bii wopatsa chakudya mtundu. Mnyamata wa ku Hong Kong anamudula: kwawo amati si yau, ndipo dzina lawolo ndi lomwe linayenda ndi amalonda ndi antchito. Ku Vietnam likumveka mu xì dầu, ku Thailand mu si-io, ndipo ku Peru, komwe anthu ambiri a kumwera kwa China anapita kukagwira ntchito m'zaka za m'ma 1800, mpaka lero amati sillao. Wa ku Korea anati ganjang, n'kuwonjezera kuti agogo ake sangathire mu supu china chilichonse kupatula guk-ganjang, wa soya yekhayekha wopanda tirigu. Wa ku Philippines anati toyo, ndipo anatiphikira adobo kuti titseke pakamwa.

Amene anandigonjetsa ndi mayi wina wa ku Indonesia. Anatulutsa botolo m'chikwama chake cha m'manja, akuti sayenda osalitenga. Kecap manis, amatchula kuti kechap. Ndi wokhuthala ngati uchi, wakuda, wotsekemera ndi shuga wa mgwalangwa. Wamchere amati kecap asin. Ndinafunsa ngati pali ubale ndi ketchup wa tomato wa pa chipisi. Ulipo: mawu onsewa amawalondola ku kê-tsiap wa anthu a Chihokkien, womwe unali msuzi wa nsomba zovundika, wopanda tomato n'komwe.

Atandifunsa kuti kwanu mumati chiyani, ndinati kwathu timalima nyemba zake, timapanga phala la ana ndi nyama ya soya, zotsala timadyetsa nkhuku. Wa ku Korea uja anagwira kumutu ngati ndamuuza za maliro.

Loweruka, m'sitima

Shinkansen, sitima yothamanga kwambiri, kuchoka ku Tokyo kupita ku Himeji, maola atatu ndi kanthu. Phiri la Fuji linabisala m'mitambo. Ndagona njira yonse, mdzukulu wa mayi aja akundijambula pakamwa pali yasa.

Lamulungu, Tatsuno

Ku Tokyo ndinadya udon, chakudya cha ufa wa tirigu chokhala ngati supageti wonenepa, m'msuzi wakuda woti pansi pa mbale sipaoneka. Lero ndadya udon yemweyo m'msuzi woyera woti mungawerenge nyuzi pansi pake. Dziko limodzi, chakudya chimodzi. Anthu a kuno kumadzulo amati a ku Tokyo amamiza chakudya mu shoyu, a ku Tokyo amati a kuno amadya madzi.

Tatsuno ndi katauni kakale m'mbali mwa mtsinje wa Ibo, m'chigawo cha Hyogo, ndipo ndi kwawo kwa usukuchi, shoyu wotuwa. Madzi a mtsinjewu alibe chitsulo chambiri, n'chifukwa chake msuzi sudetsedwa. Amauvundika nthawi yochepa, ndipo kumapeto amathiramo amazake, chakumwa chotsekemera cha mpunga chomwe chandikumbutsa thobwa. Kunyumba yosungira zakale za shoyu, m'maofesi akale a kampani ya Higashimaru, polowera amalipiritsa ma yen 10 okha. Ndinaganiza kuti mng'ono wanga wamva molakwa.

Apa ndinapusa. Poona kuti ndi wotuwa, ndinati ndiye kuti ndi wofatsa, n'kuthira mowolowa manja pa tofu wanga, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi mkaka wa soya. Anzanga, ndinamwa makapu atatu a madzi. Usukuchi ali ndi mchere wambiri kuposa wakuda uja: wakuda amakhala cha pa 16 peresenti, wotuwa cha pa 18. Mcherewo ndi umene umaletsa kuti usade. Ophika a ku Kyoto amaukonda chifukwa masamba ndi nsomba zimakhalabe ndi mtundu wake, ndipo umangothandiza dashi osamulanda ufumu. Mayi a mlamu anandilanda mbale ija mwakachetechete n'kundipatsa yawo. Manyazi ake sindidzaiwala.

Lolemba, Yuasa

Takwera sitima kuchokera ku Osaka kutsetsereka ndi gombe la Wakayama, mapiri onse ali psuu ndi manachesi. Yuasa ndi kumene a Japan amati shoyu wawo anabadwira. Nkhani yake imati wansembe wa Chibuda, Kakushin, anapita ku China n'kubwerako mu 1254 atadziwa kupanga miso wa Kinzanji, phala la soya, tirigu kapena balere, ndi masamba, lovundika ndi mchere. Anthu a kuno popanga miso ameneyu anaona kuti pamgolo pakudikha timadzi takuda. Wina analawa. Mawu oti tamaru amatanthauza kudikha, ndiye dzina la tamari linachokera pamenepo. Tamari wa masiku ano amapangidwa kwambiri cha ku Aichi, Gifu ndi Mie, pafupifupi soya yekhayekha, wokhuthala, ndipo glutamate wake ndi wochuluka. Chodabwitsa n'chakuti ku Aichi komweko, m'tauni ya Hekinan, ndi kwawonso kwa shiro, wa tirigu pafupifupi yekhayekha, wooneka ngati mafuta ophikira.

Msewu wakale wa Yuasa ndi wopapatiza, nyumba zamatabwa akuda, kuseri kwake kuli ngalande yomwe mabwato ankapakirirapo migolo. Tinalowa m'shopu ya Kadocho, yomwe inayamba mu 1841 ndipo ikupangabe m'migolo ya mkungudza wa kuno. Madenga ndi mitanda ya nyumba zovundikiramo zimakhala zokutidwa ndi zinthu zakuda ngati mwaye wa m'khitchini ya kumudzi. Sakolopa. Akuti tizilombo tomwe timapatsa shoyu wawo fungo lake timakhala mmenemo, ndipo kusesa denga n'kutaya chuma cha makolo. Ndinakumbukira agogo anga aakazi, amene sankalola munthu kutsuka ndi sopo mbiya yawo ya mowa.

Ndinalawa dontho limodzi pa kasupuni. Mchere umabwera koyamba n'kudutsa msanga. Pambuyo pake pamatsala china chozama, chokhala ngati msuzi wa nyemba wogonera womwe wauma pansi pa mphika, uja ana amalimbirana kukombeza. Ndagula botolo limodzi, mtengo wake ndikawerengera m'makwacha mutu ukuwawa.

Lachitatu, Nagasaki

Dzulo sindinalembe, linali tsiku la masitima okhaokha: Shin-Osaka, Hakata, kusintha pa Takeo-Onsen, kenako Shinkansen yatsopano yomwe inatsegulidwa mu 2022 mpaka kuno. Tili kwawo kwa mlamu, nyumba ili paphiri, masitepe ake ndinawerenga mpaka 140 n'kusiya.

M'mawa tinapita ku Dejima. Kale kanali kachilumba kochita kumanga, kooneka ngati chokupizira mphepo. Kuyambira mu 1641, kwa zaka zoposa 200, Adatchi anali azungu okhawo ololedwa kuchita malonda ndi Japan, ndipo ankatsekeredwa pakachilumbaka. Lero nyanja anaikwirira, Dejima ili pakati pa mzinda, nyumba zake anazimanganso.

M'chipinda china, m'kabati yagalasi, muli mabotolo oyera adothi, afupiafupi, okhuthala khosi. Ankawaumba ku Hasami, kufupi ndi kuno, ndipo ankathiramo shoyu wopita kunja. Pamimba pa botolo pali zilembo zabuluu zolemba pamanja: JAPANSCHZOYA.

Ndinawerenga kawiri. Zoya. Ndinaitana mng'ono wanga: "Iwe, taona ichi." Anati ankadikira kuti ndizipeze ndekha. Adatchi anamva shoyu, analemba soja kapena zoya, n'kupita nalo dzinalo ku Ulaya. Azungu anadziwa msuziwo asanadziwe nyemba zake, ndiye nyembazo anazitcha dzina la msuzi. Kuno nyembazo amati daizu. Ndiye mlimi wa ku Mkanda akamandiuza kuti chaka chino soya sanachite bwino, akutchula dzina la madzi akuda omwe sanawalawepo, lomwe linadutsa pakachilumba aka m'botolo ladothi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka gulu la ana asukulu linachita kundizungulira.

Shuga nayenso ankalowera pa doko lomweli n'kuyenda ndi msewu wa Nagasaki Kaido kupita ku Kokura, ndipo anthu a chilumba cha Kyushu anazolowera zotsekemera. Keke ya kuno, castella, anaibweretsa ndi Apwitikizi. Shoyu wa kuno nayenso ndi wotsekemera, amati amakuchi, ndipo mukamapita kumwera cha ku Kagoshima shuga amawonjezekera. Mlamu wavomera lero kuti botolo lachinayi la ku Kashiwa lija amachita kumutumizira mayi ake, chifukwa wa ku Tokyo amamuwawa pakhosi. Mng'ono wanga akuti ukwati wawo unatsala pang'ono kugwedezeka pa nkhani ya shoyu woviika nsomba.

Madzulo ndinapempha khitchini. Ufa tinanyamula kuchokera ku Kashiwa. Ndinachotsa mitu ya usipa, kuutsuka m'madzi ofunda, kuukazinga pang'ono, kenako anyezi ndi tomato anayi wakupsa kwambiri. Mthiko kulibe, ndinavundula nsima ndi chipande cha mpunga, mkono unatsala pang'ono kuguluka. Mayi aja anaima pambali panga monga ndinaimira ine tsiku lija, manja kumbuyo, osayankhula.

Msuzi utagwirana anatenga kasupuni n'kulawa. Anatseka maso. Kenako anatambasula dzanja pashelefu, kutenga botolo lawo lotsekemera lija, n'kundiyang'ana ngati akupempha chilolezo. Ndinagwedeza mutu. Anadontheza madontho atatu, kutakasa, kulawanso, n'kundipatsa supuni.

Sindikudziwa ngati mayi kumudzi angavomereze zimenezi, ndipo sindikawauza. Tinadya ndi manja tonse, ngakhale bambo a mlamu, amene anayamba ndi timitengo n'kutisiya nsima itawakanika. Mdzukulu uja anakombeza mbale n'kufuula kuti umai. Usipa wotsala ndausiya konkuno, mayi aja akuti mawa m'mawa ayesa kuphikira dashi. Mng'ono wanga sakundiyankhula.